Pulogalamu Imene Inadya Ulemu wa Achemwali Anga

Zambiri zimene anthu a ku Mandimba amandinenera ndi zoona. Ndi ine amene ndinajambula mawu a kobradori, kondakitala wa minibasi zija timati shapa, akukuwa kuti "Cuamba, Cuamba, watsala mmodzi," n'kukawaliza pa sipika kuseri kwa baraka, kasitolo kogulitsa matumba, anthu n'kuthamangira kumsewu kopanda galimoto, mayi wina beseni la tomato lili pamutu. Ndi inenso amene ndinajambula mkonono wa amalume n'kuuika kukhala kulira kwa foni yawo, ndipo unalira iwo ali pakati pokambirana mtengo wa nandolo. Purofesori, mphunzitsi wathu wa masamu, ndinawachepetsa mawu mpaka kumamveka ngati khoswe wopanidwa ndi chitseko. Zonsezo ndinachita, ndipo zinatuluka bwino. Koma chimene chinatsala pang'ono kuthetsa ukwati wa achemwali anga sichinali chimodzi mwa zimenezi, ndipo ndatopa kufotokoza.

Achemwali angawo, amene kwathu timangowatchula kuti mana, amagulitsa m'baraka la mayi pafupi ndi msika. Atamaliza sekondale anayamba podikasiti. Amacheza ndi anthu a geni, kujambula pa foni, n'kutumiza mawuwo m'magulu a pa foni kuti anthu azimvera akusenda chinangwa kapena akudikira wogula. Anthu ankamvera ndithu. Vuto linali lakuti mawu ankatuluka monga analowera, ndi mphepo, njinga zamoto ndi mwana wa aneba akulira. Popeza m'nyumba monse wodziwa kudula ndi kulumikiza mawu ndinali ine ndekha, mana anaona kuti luso langa loipalo likhoza kugwira ntchito yabwino. Sanandipemphe. Anandiuza kuti ndipeze pulogalamu yokonzera mawu, ndipo ndiipeze sabata yomweyo.

Yoyamba inali ya pa foni, ija ndimachitira zamasewera anga. Imeneyo imatha kusandutsa munthu kukhala khoswe, chiwanda kapena munthu wolankhulira m'mbiya, koma kudula pamalo oyenera ayi. Chala changa n'chachikulu kuposa kamzere ka mawu, ndiye ndikafuna kuchotsa kutsokomola ndinkachotsanso theka la mtengo wa usipa. Choipitsitsa, kumapeto kwa chilichonse inkaikamo mayi wina wa Chingerezi kutchula dzina la pulogalamuyo mwa kamawu kotsatsira sopo. Mayi athu atamva anafunsa monyogodola ngati mzunguyo nayenso ali ndi benchi pamsika. Mana anati ndiitaye.

Yachiwiri inali pa komputadori ya msuweni wathu ku Cuamba, amene amakopera anthu nyimbo pafupi ndi siteshoni ya sitima. Yaulere, yotuwa, yakale, mabatani ali mbwee, ndipo zolembedwa zake ndi Chipwitikizi cha ku Brazil chimene kusukulu sanatiphunzitse. Payokha siichita kalikonse. Chilichonse umachita wekha, kukuza mzere, kusankha, kudula, kumveranso. Komputadoriyo batire lake linafa kalekale, magetsi akangophethira basi zonse zapita. Ndinaitsegula, ndinaiyang'ana, ndinaitseka.

Yachitatu anandionetsa mnzanga wa kusukulu. Ndi ya pa intaneti, ndipo ili ndi batani limodzi lalikulu lobiriwira. Umakweza mawu ako, umadina, n'kupita kokacheza. Pobwera upeza yachotsa phokoso, yachotsa kutsokomola, yachotsanso malo onse amene palibe akulankhula. Imadya mega za intaneti ngati chiswe, ndipo kwathu kuno foni ukangoyenda nayo pang'ono kulowera kumalire imathawira ku netiweki ya ku Malawi, moti ndinkaima pachulu cha kuseri kwa sukulu mkono uli m'mwamba ngati ndikufuna kuyankha funso. Komabe batani limodzi ndi batani limodzi, ndipo masana ine ndimakhala ndi mpira. Ndinasankha imeneyo. Pa anthu a pamsika inagwira bwino zedi, chifukwa anthu a pamsika sapuma polankhula ndipo onse amakuwa mofanana.

Nthawi imeneyo mana anali pachibwenzi ndi makaniko wina wa njinga zamoto wa ku Cuamba, ndipo nkhani inali itafika pabwino. Amalume a mwamunayo, amene ndi ankhoswe awo, anali atatumiza mawu kwa amalume athu kuti anthu akangomaliza kukolola abwera kudzakambirana za tsiku. Bambo a mwamunayo amakhala ku Itepela, ndipo pa unyamata wawo ankatenga nsomba zouma ku Amaramba pa njinga yakapalasa kukagulitsa m'midzi ya ku Ngauma. Mana anaganiza kuti akawaika apongozi awo am'tsogolo pa podikasiti adzakondwa, ndipo mudzi wonse udzaona kuti mwana wawo wapeza mkazi wodziwa kulemekeza mbiri ya akulu. Anapita okha, anajambula, anabwera akumwetulira, n'kundipatsa foni.

Ine ndinakwera pachulu, ndinadina batani lobiriwira, ndinapita ku mpira. Sindinamvere. Mana anamvera pakati pokha, pamene bambo aja akufotokoza za kuwoloka mtsinje njinga ili pamutu, anati zili bwino, n'kutumiza m'magulu onse.

Chimene sitinaganize ndi mmene mtsikana amakhalira pamaso pa apongozi. Foni anaiika pa kampando pafupi ndi bambo aja, iwo n'kukhala pamphasa chapatali, monga kuyenera. Moni anapereka motsitsa mawu, akuwomba m'manja pang'onopang'ono. Bambo aja akamalankhula, mana ankavomera chapansipansi kuti eee bambo, zikomo bambo. Akamaliza, mana ankadikira kaye kuti mawu a wamkulu akhale pansi, kenako n'kusendera ku foni, kukweza mawu, kufunsa funso lotsatira kuti limveke. Pulogalamu ija inamva kuwomba m'manja n'kuti ndi phokoso. Inamva "eee bambo" wotsitsa uja n'kuti ndi phokoso. Moni wonse, kufunsana za ana, za mvula, za miyendo ya bambo aja, ngakhale Bisimila amene iwo anayambira monong'ona, zonse inazisesa. Kudikira konse kuja inati ndi malo opanda ntchito. Chotsala chinali nkhalamba ikulankhula, ndipo isanatseke n'komwe pakamwa, mtsikana wa mawu okweza wailumphira kale ndi funso lina ngati wapolisi wa pamalire. Munkagula kuti. Munkapindula zingati. Munasiyiranji.

Woyamba kuimba anali makaniko uja. Mana anatuluka ndi foni kuseri kwa baraka, ndipo atabwera nkhope inali ina. Ku Itepela anali atamvera pakhonde, anthu ali tho. Bambo aja akuti anakumbukira kuti mtsikanayo anapereka moni bwinobwino, koma n'chimene chinawapweteka kwambiri, kuti ulemuwo unali wa pamaso chabe, ndipo atafika kwawo anataya moni wawo ngati makoko. Ankhoswe aja, amene tsiku lojambulalo kunalibe, anangonena kuti mwana wa mlongo wawoyo asathamange, ndipo zobwera kudzaonana ndi amalume athu zija aziona kaye.

Mayi sanafunse n'komwe. Anangonditembenukira. Amalume anaitanidwa, anabwera, anakhala pampando, n'kundiuza kuti za mkonono zija anandikhululukira chifukwa zinali za iwo okha, koma izi zakhudza banja la munthu. Ndinafotokoza za batani lobiriwira. Ndinafotokoza kawiri. Amalume anati batani lilibe manja. Mayi anati kuyambira ndili wamng'ono chilichonse chosweka m'nyumba muno chimasweka chokha. Ndinalumbira, koma munthu amene anathamangitsapo msika wonse kupita kumsewu kopanda galimoto, kulumbira kwake sikugula ngakhale machesi. Chimene chinandiwawa n'chakuti ndikanafuna kuwachita chipongwe mana, ndikanachita chanzeru kuposa pamenepa. Kuchotsa moni ndi ntchito ya makina opanda nthabwala.

Pomaliza amalume anagamula kuti ngati ndikunena zoona, mawu oyambirira aja, osakonza, alipo. Tidzapita nawo ku Itepela, ankhoswe adzamve ndi makutu awo kuti mwana wathu analeredwa. Ndinaona kuti ndapulumuka. Koma mana sanakondwe monga ndinkayembekezera, ndipo amalume atapita anandikokera m'baraka n'kundiuza kuti ndimvere kaye chakumapeto.

Ndinamvera. Moni analimo, kuwomba m'manja kunalimo, kudikira kunalimo, zonse zokongola. Kenako bambo aja ananena kuti geni ya njinga si ya akazi, mkazi sangakwere zitunda za ku Ngauma ndi dengu la nsomba. Asanamalize, mawu a mana anagwera pakati.

"Mayi anga ankakwera, ine ndili kumsana."

N'kuseka. Osati kuseka kwa pamphasa, koma kuja amaseka pamsika wogula akatchula mtengo wamisala.

M'mawu okonzedwa ndi batani aja zimenezi sizinkaoneka, chifukwa paliponse mana ankamveka odula mawu. Koma m'mawu enieniwa, pakati pa ulemu wonsewo, kudula kumodziku kunali kutaima pokha ngati mbuzi mu mzikiti. Ankhoswe akanangomva pamenepo basi.

"Ndiye inuyo mana munawaduladi," ndinatero. Ndivomere kuti ndinamva kukoma.

"Usandiyang'ane choncho. Ukonze."

"Ndichotse zonse?"

"Kusekako chotsa. Za mayizo usakhudze, n'zoona."

Apa ndipo ndinadziwa kuti pulogalamu yotuwa ija yandipeza. Ya pa foni ikanadula mwendo pofuna kudula chikhadabo. Yobiriwira sindinkafuna n'kuiona komwe, ndipo kuwonjezera chete siidziwa, imangodziwa kumudya. Ndinakwera shapa kupita ku Cuamba, nditapanikizika pakati pa thumba la makala ndi bambo wina wogona, mawu a mana ali m'thumba.

Msuweni anandipatsa komputadori ndi kampando pakona. Malo akewo nyimbo sizizima, chifukwa ndi zimene zimaitana makasitomala, ndipo mahedifoni ake amalira khutu limodzi. Ndinayamba ndi kuchepetsa mphepo, pamanja, kachigawo ndi kachigawo. Ndinapeza batani lokuzira mzere mpaka mawu a mana kuoneka ngati mapiri, n'kupeza phiri la kuseka kuja, n'kulidula bwinobwino. Ndili pafupi kumaliza magetsi anaphethira. Msuweni, osatembenuka n'komwe, anafunsa ngati ndinasunga. Ndinatuluka, ndinakayang'ana sitima, ndinabwerera, ndinayambiranso. Kuyambira pamenepo ndinkasunga ngakhale ndangoyetsemula.

Chotsala chinali kuwalekanitsa mana ndi bambo aja, kuti nkhalamba imalize mawu ake, papite mpata, kenako mana alankhule. Pulogalamuyo ili ndi poikira chete, ndipo ndinamuika. Msuweni atamvera anamenya sipika ndi dzanja poganiza kuti waya wathothoka. Chete wa makina ndi wakufa, amangoti zii ngati foni yazima. Pakhonde pa munthu sipakhala chete wotero, pamakhala kamphepo, masamba, wina akusuntha mwendo. Ndiye ndinafufuza m'mawu onse aja mpaka ndinapeza malo amene bambo aja anaima kulankhula kuti amwe madzi. Chete weniweni wa ku Itepela. Ndinamukopera, ndinamuika patsogolo pa nkhani ya mayi ija, ndinatenganso "eee bambo" mmodzi wofatsa kwambiri n'kumuika pomwepo. Zinamveka ngati mana analingalira mofatsa, anavomereza wamkulu, kenako modzichepetsa n'kukumbutsa za mayi awo.

Pamenepo ndikanasiya. Koma munthu ukapeza kuti ulemu umatheka kukopera n'kumata, dzanja limayabwa. Ndinaganiza kuti ngati anthu a ku Itepela akufuna mtsikana wodikira, ndiwapatsa wodikira amene sanamuonepo. Ndinamata chete uja patsogolo pa funso lililonse la mana. Pena ndinamata kawiri. Ndikumvera ndi khutu limodzi, nyimbo za msuweni zikugunda khutu linalo, zonse zinkamveka bwino, ndipo ndinabwerera ku Mandimba ndikudziona ngati injiniya.

Tinapita ku Itepela m'mawa wa tsiku lopanda msika, ine, mana ndi amalume, sipika ya msuweni ili pamiyendo panga. Pakhonde panali bambo aja ndi ankhoswe pamipando. Mayi a makaniko, amene tsiku lojambula lija analipo, anakhala pamphasa chapambali akusenda chinangwa, ndipo mana anakakhala pafupi nawo maso ali pansi. Amalume analankhula mawu oyamba, anapepesa, n'kunena kuti m'nyumba iliyonse mumakhala mwana mmodzi wotere, uku akundiloza ndi chibwano. Ndinadina.

Moni anamveka, kuwomba m'manja kunamveka, Bisimila anamveka. Bambo aja anawongola msana. Anayamba kumva mbiri yawo, anamaliza chigawo choyamba, ndipo panabwera chete wanga. Kamphepo, masamba, kenako chakumapeto kwake nkhuku inati kwe-kwee, kwe. Mana anafunsa funso. Bambo aja anayankha. Chete. Kamphepo, masamba, kwe-kwee, kwe. Ku Cuamba nkhuku imeneyi sindinaimve. Pa sipika yabwino, pakhonde la phee, inkamveka ngati yakhala pampando limodzi ndi ankhoswe. Nkhuku yomweyo, mawu omwewo, malo omwewo, funso lililonse. Pamene ndinamata kawiri paja inalira kawiri motsatizana, osasintha ngakhale pang'ono. Mana anakweza maso kamodzi kokha n'kundiyang'ana, ndipo ndinayamba kuganiza zoti mwina ndikakhale kwa msuweni mpaka chaka chithe.

Koma ankhoswe ankagwedeza mutu. Iwo sankamvera nkhuku, ankamvera kutalika kwa kudikirako. Titafika pa nkhani ya zitunda za ku Ngauma, bambo aja m'sipika anamaliza kunena kuti si za akazi, panapita mpata, nkhuku inalira, mana anati eee bambo, kenako anatchula za mayi ndi mwana kumsana. Ankhoswe anati mtsikana amene amadziwa kutsutsa wamkulu mwa njira imeneyi masiku ano ndi wosowa. Bambo aja anavomera kuti ndi mmenedi zinalili, akukumbukira bwinobwino, ndipo tsiku lomwelo anauza mkazi wawo kuti mwanayu ndi wofatsa.

Mayi aja sanasiye kusenda chinangwa.

"Nkhuku yanga tsiku limenelo inali ndi nyimbo imodzi yokha," anatero, akuyang'ana ine.

Anatenga chinangwa china, anachidula mutu, n'kuwonjezera kuti zitunda zimenezo iwonso anazikwerapo ndi dengu, chaka chimene bambowa anathyoka mwendo, koma pa foni sizinatchulidwe. Bambo aja anatsokomola n'kunena kuti nkhaniyo inali yaitali, sakanatha kunena zonse. Mayiwo anapatsa mana mpeni, anawauza kuti anyamule beseni akamalizire kuseri, ndipo awiriwo ananyamuka.

Ankhoswe anatembenukira kwa amalume n'kunena kuti mawu awo aja sanasinthe, chimanga chikangolowa m'nkhokwe abwera ku Mandimba. Anafunsa ngati mawu enieniwa angatumizidwe m'magulu kuti amene anamva zoipa zija amvenso izi, ndipo amalume analonjeza m'malo mwanga. Kenako amalume anandigwira phewa pamaso pa anthu n'kunena kuti ndaona tsopano, zinthu ukazisiya monga zilili, osaikamo manja ako, zimayenda bwino. Ndinavomera. Za batani lobiriwira palibe anandipepesa, ndipo mpaka lero mayi amakhulupirira kuti ndinachita dala.

Amuna aja anayamba kukambirana za mvula ndi mtengo wa feteleza, ine nditakhala pansi ndi sipika yozima. Kuseri kwa nyumba kunkamveka mipeni iwiri pa chinangwa ndi mawu otsitsa. Kenako mayi aja ananena kanthu kena kamene sindinamve, ndipo onse awiri anaphulika kuseka mpaka ankhoswe anatembenuka.